Koyilo ya vape yozenga ndekha ikupsereza thonje, ma watts oyenera ndi angati?

Wa ku Chiputula:
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene mumazenga nokha makoyilo, timawaya totenthetsa ta mu vape, ndudu yamagetsi ija. Ndatenga waya wamtundu wa Kanthal, saizi 26, ndazungulitsa ka 7 pa kachitsulo ka 2.5mm, ndipo mod, gawo lokhala ndi batire lija, ikuwerenga 0.8 ohm. Thanki ndi ya koyilo imodzi, kabowo ka mpweya ndi kakang'ono, ndimakoka mmene ndinkakokera ndudu. Mnzanga wa kuntchito akuti chilichonse chimene chili pansi pa 1 ohm chimafuna ma watts 40 kupita m'mwamba. Ndaika 40 yemweyo, koma ndikangokoka kawiri pakamwa pakumveka thonje lopserera, pakhosi kuwawa mpaka kutsokomola. Ndikatsegula ndikupeza thonje lada pakati penipeni pa koyilo. Vuto ndi waya, thonje kapena ma watts? Fodya ndasiya posachedwapa ndipo sindikufuna kuti zimenezi zindibwezere ku ndudu.

Woyang'anira gulu:
Takulandirani achimwene. Tikumbutsane kaye kuti gulu lino ndi la akuluakulu amene ankasuta kale ndipo akufuna kuchoka ku ndudu. Ana ndi amene sanasutepo, zino si zanu. Amisiri a ku Luwinga, tawathandizani awa.

Amisiri a ku Luwinga:
Ndabwera. Achimwene, choyamba tsitsani ma watts amenewo lero lomwe, ndipo thonje lopsalo mulichotse. Thonje likapsa kamodzi silibwereranso, ngakhale mulinyowetse bwanji lizingonunkhabe.

Mnzanuyo watenga lamulo la makoyilo ogula, aja amabwera atalembedwa pambali kuti 40 mpaka 60, n'kuliika pa waya wanu. Pa mod yokhala ndi sikirini, imene mumasankha nokha ma watts, nambala ya ohm si imene imalamula. Chimene chimalamula ndi kuchuluka kwa chitsulo chimene mukufuna kutenthetsa, mpweya umene ukudutsapo kuchiziziritsa, ndi liwiro limene thonje likubweretsera juwisi, madzi a m'thanki amene amasanduka nthunzi. Taganizani za mbaula. Moto woti uwiritse mphika wa nsima ya pamaliro, mukaikapo kapoto ka tiyi wa munthu mmodzi madzi amaphwa nthawi yomweyo, kapoto n'kupserera. Koyilo yanuyo ndi kapoto kameneko.

Tiwerengere limodzi. Waya wa 26 ndi wokhuthala 0.4mm basi. Kuzungulitsa ka 7 pa 2.5mm, kuphatikiza timiyendo tolowa m'masikuluwu, ndi waya wautali pafupifupi masentimita 7. Kanthal wa 26 amakhala ndi ma ohm 11 pa mita imodzi, ndiye masentimita 7 akupereka 0.8 imene mukuionayo. Apa mwazenga bwino, palibe cholakwika. Koma kawaya ka masentimita 7 kameneko malo ake ndi pakati pa ma watts 14 ndi 22. Pa 40 mod ikukankha ma volts oposa 5.6, pamene pa 18 ikukankha 3.8 yokha.

Mnyamata wa ku Zolozolo:
Amisiri pepani, apa ndikutsutsaniko pang'ono. Ine yanga ikuwerenga 0.85 ndipo ndimakoka pa 33 tsiku lonse osapserera. Ndikatsitsa kufika 18 ndimadina batani n'kumadikira, nthunzi kutuluka yozizira. Ndiye 0.8 imeneyi ikukhala bwanji ya 18?

Amisiri a ku Luwinga:
Waya wanu ndi wotani aise? Wosalala kapena wokulungidwa ndi kawaya kena pamwamba?

Mnyamata wa ku Zolozolo:
Ndi clapton. Mkati 26, kunja kokulunga ka 32, pa 3mm. Mpweya ndimatsegula wonse, ndimakoka molunjika m'mapapo.

Amisiri a ku Luwinga:
Basi mwandithandiza kufotokoza. Inu ndi achimwene a ku Chiputula ma ohm anu ndi ofanana, koma makoyilo anu ndi osiyana kutalitali. Pa clapton magetsi ambiri amadutsa mu waya wamkatiyo, n'chifukwa chake ohm sinasinthe kwenikweni. Kawaya kakunjako magetsi kamanyamula ochepa kwambiri, koma ndi chitsulo ndithu, ndipo nakonso kayenera kutenthedwa nthunzi isanatuluke. Chitsulo chachuluka, ndiye moto uyenera kuchuluka. Onjezani mpweya wotsegula umene ukuziziritsa koyilo nthawi yonse imene mukukoka. Nonse awiri mukunena zoona za koyilo yanu. Cholakwika n'kutenga nambala ya mnzako n'kuiika pa thanki yako chifukwa choti ma ohm afanana.

N'chimodzimodzi ndi makoyilo awiri. Mukaika awiri ofanana, ohm imatsika ndi theka koma chitsulo chimawirikiza, ndiye ma watts nawonso amafuna kuwirikiza. Awiri a Kanthal 24 ozungulitsa ka 6 pa 3mm amawerenga pafupifupi 0.25, ndipo amayamba kukoma cha m'ma 45 mpaka 60. Imodzi yokha mwa iwo pa 60 ingapsereze thonje.

Wa ku Chiputula:
Zikomo amisiri, zayamba kumveka. Nanga pakati pa 14 ndi 22 nambala yangayanga ndiidziwa bwanji?

Amisiri a ku Luwinga:
Imeneyo palibe angakuuzeni pa foni, muipeza ndi pakamwa panu. Koma njira yake ilipo.

Thonje lisanalowe, ikani mod pa 10 kapena 12, muzidina batani pang'onopang'ono, kudina n'kusiya. Muone mmene koyilo ikufiirira. Iyenera kuyamba kufiira pakati, kufiirako n'kumafalikira ku mbali zonse ziwiri mofanana. Mukaona kamzere kamodzi kakuwala kuposa anzake, kapena kamwendo kakufiira koyilo isanafiire, pamenepo pali vuto, ndipo ngakhale mutsitse ma watts bwanji malo amenewo azipserezabe thonje. Siyani batani, mukande mizereyo pang'ono ndi kasikuludiraiva, mumangitsenso masikuluwu, muyesenso. Chitsulo chisakhudze koyilo batani lili lodina, pokhapokha ngati kopanira kanu ndi ka ceramic.

Ikazizira lowetsani thonje. Mukalikoka uku ndi uku lizimveka kugwira pang'ono koma lizitha kuyenda. Likamakoka koyilo mpaka kuipinda ndiye lachuluka, juwisi sadutsa, pakati pamauma. Likamangoyenda lokha ndiye lachepa, thanki izidontha ndi kulavula. Michira yake muipese pang'ono kuti ifewe, isadzaze thi tinjira ta juwisi. Linyowetseni mpaka loyera lisaonekenso, dzazani thanki, muisiye mphindi zingapo.

Tsopano yambani pa 12. Kokani katatu kanayi. Kwezani ndi watt imodzi. Muzimvetsera zinthu zitatu: nthunzi ikutuluka msanga mukadina, ikufunda bwino osawotcha milomo, ndipo kakomedwe ka juwisi kakumveka. Mukamakwera mufika poti kakomedwe kayamba kuchepa ndipo pakhosi payamba kuuma. Pamenepo mwadutsa. Bwererani ndi ma watts awiri, mukhale pomwepo.

Madala a ku Mchengautuwa:
Ndionjezereko pa zimene anena amisiri, chifukwa pali chinthu cha kuno ku Mzuzu chimene anzathu a ku Lilongwe ndi Blantyre sachimva kwenikweni. June ndi July kuno kumazizira, mmawa nkhungu ndi mvula yowaza ija. Juwisi amapangidwa ndi VG, madzi olemera, ndi PG, madzi opepukirapo. Wokhala ndi VG yambiri, 70 peresenti kupita m'mwamba, kukazizira amalemera, sayenda msanga m'thonje. Ma watts omwewo amene amakoma masana mu October amatha kupsereza mmawa wa July. Ine nyengo imeneyo ndimatsitsa ndi awiri kapena atatu, ndipo thanki ndimaifumbata m'manja kaye kuti ifunde ndisanakoke. Achimwene a ku Chiputula, juwisi wanu ndi wotani?

Wa ku Chiputula:
Pa botolo palembedwa 70 VG, 30 PG, chikonga 6mg.

Madala a ku Mchengautuwa:
Eya, ndi zomwezo. Thanki yokoka ngati ndudu tinjira take ta juwisi timakhala tating'ono, imayenda bwino ndi 50 VG kwa 50 PG. Wa 70 angagwirebe ntchito koma muchepetse thonje ku michira, ndipo musakoke motsatizana, muzipumira kuti thonje limwe. Komanso 6mg pa ma watts 16 kwa munthu amene wangochoka ku ndudu mwina sikukwanirani. Ambiri amakweza ma watts pofuna kuti zimveke pakhosi, pamene chimene thupi likufuna ndi chikonga. Ndi bwino kutenga 12mg n'kukhala pa moto wochepa, kenako n'kumatsitsa chikongacho miyezi ikamapita, kusiyana n'kuwotcha thonje.

Namwino wa ku Katoto:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhuleko. Kupsererako musakutenge ngati nkhani ya kakomedwe chabe. PG ndi VG zikatenthedwa mopitirira muyeso zimasweka n'kutulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa formaldehyde, ndipo VG imatulutsanso acrolein, amene amawotcha njira ya mpweya. Mu January 2015 akatswiri a ku Portland State University analemba mu New England Journal of Medicine kuti pa 3.3 volts sanapeze mankhwala otulutsa formaldehyde mu nthunzi, koma pa 5 volts anawapeza ochuluka. Achimwene, kutsokomola kumene mukunenako thupi likukuuzani zoona. Musalimbe mtima n'kumapitiriza.

Ndipo ndinene poyera, chifukwa ndi ntchito yanga: vape si mpweya wabwino. Kwa amene amasuta, kuchoka ku utsi wa fodya woyaka n'kopindulitsa, ndipo ndemanga za Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, zapeza kuti vape yokhala ndi chikonga imathandiza anthu kusiya kuposa zigamba zomata ndi chingamu cha chikonga. Koma WHO ikuchenjezabe kuti zinthuzi zili ndi zoopsa zake, makamaka kwa achinyamata ndi amayi oyembekezera. Cholinga chikhale kudzasiya zonse.

Mnyamata wa ku Zolozolo:
A nesi, kafukufuku ameneyo ena anamutsutsa. Anati pa 5 volts kachipangizo kamene anagwiritsa ntchito kanali kakupsereza kale, ndipo palibe munthu angakoke zotero chifukwa zimawawa. Makina ndi amene ankakoka.

Namwino wa ku Katoto:
N'zoona anatsutsa motero, Konstantinos Farsalinos ndi anzake. Koma taonani pamwambapa. Achimwene athuwa ndi munthu, si makina, ndipo akhala akukoka zopsererazo chifukwa anauzidwa kuti 40 ndiye nambala yake. Wongoyamba kumene sadziwa kuti kuwawa kumeneko n'kolakwika, amaganiza kuti ndi mmene vape imakhalira. N'chifukwa chake ndikuchitenga mozama.

Amisiri a ku Luwinga:
Mayi akunena zoona. Ndingoonjezera kuti 5 volts imeneyo musaitenge ngati malire a koyilo iliyonse. Chimene chimaswa juwisi ndi kutentha kwa waya. Koyilo yaikulu yonyowa bwino pa ma watts 60 ikhoza kukhala yozizirirapo kuposa kakoyilo kouma pa 15. Tabwereranso pomwe paja: chitsulo, mpweya, thonje.

Amene mukufuna kuti mod izikutetezani yokha, gwiritsani waya wa SS316L, chitsulo chosachita dzimbiri, pa temperature control, pamene mumasankha kutentha m'malo mwa ma watts. Waya ameneyu ohm yake imakwera akamatentha, ndiye mod imawerenga kukwerako n'kudziwa kutentha. Mumaika cha m'ma 200 mpaka 230°C, thonje likauma mod imadula moto yokha. Muonetsetse kuti koyilo ndi yozizira pamene mukuimanga pa mod koyamba, apo ayi iwerenga molakwika. Kanthal sangachite zimenezi chifukwa ohm yake sisuntha kwenikweni. Mawaya a Ni200 (nickel) ndi titanium ndi a temperature control yokha, musawaike pa ma watts ndipo musawafiiritse opanda thonje.

Wokonza mafoni mu Taifa:
Funso langa ndi la waya womwewo. Kanthal kuno savuta kutha, mpaka uitanitse kwa obwera kuchokera ku Dar es Salaam kapena Johannesburg. Ine pa benchi panga pali waya wambiri, wa kopa wa m'machaja, wa m'ma hotplate akufa, wa m'simbi zamagetsi. Palibe amene angagwire?

Amisiri a ku Luwinga:
Ayi achimwene, chonde musayerekeze. Kopa amadutsitsa magetsi mosavuta kuposa Kanthal ka 80 n'kupitirira. Koyilo ya kopa kwa batire ndi shoti basi. Mod ya sikirini ikana kuyaka, koma pa mod yopanda chitetezo batire litentha m'manja mwanu. Wa mu hotplate ndi mu simbi akhoza kukhala nichrome, koma simukudziwa chimene anasakanizamo, wadutsa m'dzimbiri ndi m'mafuta, ndipo mukukaika pamalo pamene mpweya wake ukulowa m'mapapo. Waya wa malata kapena womangira mpanda ndiye woopsa kwambiri chifukwa cha zinc wokutira. Mpukutu umodzi wa mamita 10 wa Kanthal weniweni umatulutsa makoyilo pafupifupi 100. Sonkhanani anthu atatu muitanitse umodzi.

Wokonza mafoni mu Taifa:
Ndamva. Nanga mabatire? M'mabatire a laputopu akale mumatuluka ma 18650 abwinobwino, ena amasungabe moto. Ndimaika m'matochi ndi m'ma power bank anthu n'kumayamikira, makamaka magetsi akamathimathima.

Amisiri a ku Luwinga:
Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa thonje likapsa mumangotsokomola, koma batire likaphulika anthu amataya mano ndi zala.

18650 ndi muyeso chabe, 18mm m'mimba mwake, 65mm kutalika. Mkati amasiyana. A laputopu anapangidwa kuti azipereka moto wochepa kwa nthawi yaitali, ma amps owerengeka basi. Mu tochi ali bwino. Mu vape ayi. Vape imafuna batire lopirira kukokedwa kwambiri, monga Samsung 25R wa 2500mAh amene malire ake ndi 20A, Sony VTC5A wa 25A, kapena Molicel P26A. Samsung 30Q amasunga moto wambiri, 3000mAh, koma malire ake ndi 15A, ndiye ndi wa ma watts otsikirapo.

Kawerengedwe kake pa mod ya sikirini n'kosavuta, ndipo ohm ya koyilo silowamo. Tengani ma watts anu, gawani ndi 3.2, imene ndi ma volts a batire likatsala pang'ono kutha, pamene limavutika kwambiri. Onjezani 10 peresenti ya moto wotayika mu mod. Achimwene a ku Chiputula pa 18 akukoka cha m'ma 6A, palibe nkhawa. Pa 60 ndi batire limodzi mwafika kale 20A n'kupitirira pang'ono. Pa 80 ndi 27A, ndipo 25R sangakwanitse ngakhale pa bokosi la mod palembedwe kuti imafika 80. Mod ya mabatire awiri mumagawa ma watts pawiri musanawerengere. Mwachidule, amp iliyonse ya batire imakupatsani ma watts atatu. Musanafunse kuti koyilo ikufuna angati, dziwani kaye kuti batire lanu lingapereke angati.

Ndipo aja a pamsika olembedwa 9900mAh kapena 8800mAh, opepuka m'manja, ndi bodza lenileni. 18650 weniweni amathera cha m'ma 3500mAh, ndipo amene amafika pamenepo si a ma amps ambiri.

Wa kabaza, Chibavi:
Amisiri, ine ndili ndi mech, chubu chachitsulo chopanda sikirini. Anandipatsa mlamu wanga wochokera ku Joni. Ma watts sindisankha. Ndiye zimene mwanenazi zikundikhudza bwanji? Koyilo imene ilimo akuti ndi 0.15, batire ndi 25R.

Amisiri a ku Luwinga:
Aise, chotsani batire limenelo muchubumo musanawerenge mzere wotsatira.

Pa mech ndiye pamene ohm imalamula zonse, chifukwa pakati pa batire ndi koyilo palibe chilichonse choteteza. Batire lodzaza ndi 4.2 volts. Gawani 4.2 ndi 0.15, mupeza 28A, pa batire la 20A. Kuti musadutse 20A koyilo isatsike pansi pa 0.21, ndipo munthu wanzeru amasiya mpata, amazenga 0.3 imene ikukoka 14A. Pa pepala 0.3 imeneyo ikupereka ma watts pafupifupi 59 batire likadzaza, n'kumatsika likamatha. Pa mech ma watts mumawasankha ndi waya: mukafuna ochepa muonjezere mizere kapena mutenge waya wowonda.

Mawu akuti "akuti ndi 0.15" ndi amene andiopsa kwambiri. Mwaiyeza nokha? Kasikuluwu kamodzi kakamasuka, kapena koyilo ikakhudza chivindikiro, mech siikuchenjezani. Ngati mulibe choyezera ohm, mangani thankiyo pa mod ya sikirini ya mnzanu muone nambala, chivindikiro chili chotseka. Kunena zoona, ngati kuwerengera kumeneku n'kwachilendo kwa inu, mech isungeni kaye mupeze mod ya sikirini.

Namwino wa ku Katoto:
Ndipo inu a kabaza mumayenda ndi makoini ndi makiyi m'thumba tsiku lonse. Batire lapadera lisalowe m'thumba limenelo lili lamaliseche. Koini ikagunda mbali zonse ziwiri limayaka pa ntchafu, ndipo mabala a moto wotero ndi akuya. Kabokosi ka pulasitiki n'kotchipa.

Wa kabaza, Chibavi:
Yewo, ndachotsa. Ndikuona kuti pulasitiki yobiriwira yokutira batire yang'ambika pang'ono chakumutu. Ndimate tepi?

Amisiri a ku Luwinga:
Tepi ayi, imasuntha ndi kutentha. Thupi lonse lachitsulo la batire ndi negative, ndipo chakumutuko positive ndi negative zatalikirana mamilimita ochepa, pakati pake pali kamphete ka pepala kapena pulasitiki. Mu chubu chachitsulo pong'ambikapo pakakhudza khoma, moto ukhoza kuyenda batani musanadine. Limafunika chikutiro chatsopano, chija chimafota ndi mpweya wotentha, ndipo kamphete kaja kakhalepo. Achimwene a mu Taifa, ntchito imeneyi ndiye yanu, muli ndi chowuzira mpweya wotentha pa benchi.

Wokonza mafoni mu Taifa:
Imeneyo ndingathe. Zikutirozo ndiitanitsa pamodzi ndi waya. A laputopu akhala a matochi basi.

Dalaivala wa Nkhata Bay:
Ndilowereko ndi langa. Ndimayendetsa minibasi pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay. Kunyanja thanki imakhala bwino, koma ndikakwera mapiri kufika mu tauni ndimapeza yadontha, ndipo ndikakoka imalira ngati muli madzi, juwisi kulowa m'kamwa. Ndikweze ma watts kuti aziuma?

Madala a ku Mchengautuwa:
Si ma watts amenewo adada, ndi phiri. Kunyanja muli pa mamita osafika 500 kuchokera pa nyanja yamchere, Mzuzu ili pamwamba pa 1,200. Mukamakwera, mpweya wakunja umapepuka, ndiye mpweya umene watsekeredwa m'thanki umafutukuka n'kukankhira juwisi m'thonje mpaka kusefukira. Kutentha kwa kunyanja kumakhalanso kutamusungunula kale juwisiyo, ndiye amadutsa mosavuta. Ponyamuka ku Nkhata Bay thanki ikhale yodzaza kuti mpweya mkati uchepe, kapena muitembenuze mutu pansi kuti mpweyawo ukhale kumene kuli tinjira. Ngati ili ndi potsekera juwisi, tsekani. Ikasefukira, kulungani kansalu pa mabowo a mpweya, muuzire pang'ono kukamwa kwake, yatha. Mukakweza ma watts chifukwa cha kusefukira, juwisi wochulukayo akangotha mupsereza thonje.

Dalaivala wa Nkhata Bay:
Zoona, imachitika pokwera pokha, potsika ayi. Ndiyesa kuitembenuza mawa.

Wa ku Chiputula:
Ndabwera ndi lipoti. Nditachotsa thonje ndinapeza kamwendo kamodzi kakufiira koyamba, sikuluwu inali yosamanga bwino. Ndamanga, ndakanda mizere, tsopano ikufiira kuyambira pakati. Thonje latsopano ndachepetsa michira. Ndayamba pa 12 monga munanenera. Pa 12 ndi 13 nthunzi yozizira, pa 15 kakomedwe kayamba kubwera, pa 17 ndiye bwino kwambiri, pa 20 pakhosi payamba kuuma. Ndakhala pa 17. Batire limene linkatha masana lafika madzulo likadali ndi moto, ndipo juwisi sakutha msanga.

Mnyamata wa ku Zolozolo:
17 yokha? Nthunzi ikutuluka koma?

Wa ku Chiputula:
Yokwanira ine. Sindikufuna mitambo, ndikufuna ndisagule ndudu.

Namwino wa ku Katoto:
Mukasintha juwisi kupita ku 12mg monga ananenera madala, mukhale pa ma watts otsika omwewo. Ndipo achinyamata a mitambo, mverani izi. Majuwisi aja olembedwa nic salt, mtundu wina wa chikonga, a 35mg kapena 50mg anapangidwira tizipangizo ta moto wochepa. Ku European Union malire ndi 20mg pa mililita. Mukathira wa 50 pa koyilo ya ma watts 60 mumeza chikonga chochuluka nthawi imodzi: chizungulire, nseru, thukuta, mtima kuthamanga. Zikakuchitikirani siyani pomwepo, ndipo zikapanda kutsika pitani kuchipatala. M'thanki musathiremo china chilichonse chamafuta. Matenda a m'mapapo amene anagwira anthu ku America mu 2019, mpaka ena kumwalira, anawapeza kuti akukhudzana ndi vitamin E acetate amene ankasakaniza m'mafuta a chamba. Mabotolo muziika patali ndi ana, amanunkhira ngati maswiti.

Madala a ku Mchengautuwa:
Mawu amenewo ndi oona mayi. Ife ena tinakulira m'fodya, makolo ankalima burley ku Rumphi n'kumabweretsa mabelo ku okushoni konkuno, ndipo kusuta tinayamba tili anyamata osaona vuto. Dziko lathu lalowa mu mgwirizano wa WHO wolimbana ndi fodya mu 2023, pamene mayiko ambiri analowa kalekale. Ndiye wosuta akafuna kusiya, nthawi zambiri amadalira anzake ngati mmene tikuchitiramu. Achimwene a ku Chiputula, nyengo ikamatentha kapena mukasintha juwisi, 17 imeneyo muiyesenso, ikhoza kusuntha ndi imodzi kapena ziwiri. Mukadzazenga koyilo ina, ngakhale iwerenge 0.8 yomweyo, muyambirenso pansi.

Wa kabaza, Chibavi:
Amisiri, lomaliza. Ndayang'anitsitsa batire lija, kuwonjezera pa kung'ambika lilinso ndi kophwanyika pansi, mwina linagwa. Likutiridwebe?

Amisiri a ku Luwinga:
Lophwanyika ndiye latha ntchito, chikutiro sichikonza zamkati. Musalitchajenso. Matani tepi mbali zonse ziwiri, muliike m'chitini chokhala ndi mchenga, panja, kutali ndi nkhuni ndi mafuta a njinga. Musaliponye m'dzala la zinyalala, chifukwa tsiku loti wina ayatse moto pamenepo liphulika ana ali pafupi. Loweruka ndimakhala pa shopu mpaka 12 koloko, mubwere nalo pamodzi ndi chubucho, koyiloyo tiiyeze ndipo tizenge ina ya 0.3.